Alakatuli amene nyumba zawo zinapsa: chilengedwe ndi imfa mu haiku ya ku Japan

Ambiri a ife haiku tinaidziwa ngati masewera owerengera maphatikizo. Mizere itatu: woyamba maphatikizo 5, wachiwiri 7, wachitatu 5. Ukatchulamo mwezi, duwa kapena chule, ndiye kuti wamaliza, ukhoza kuika pa WhatsApp anzako n'kuyamikira. Chithunzi chimene timakhala nacho m'mutu ndi cha mkulu wina wofatsa, wakhala pansi pa mtengo, alibe ngongole, alibe odwala kunyumba, akungoyang'ana masamba akuyoyoka n'kumavomereza kuti zonse zimatha.

Chithunzi chimenechi chinandichoka nditayamba kuwerenga mbiri ya eni ndakatulozi. Matsuo Bashō nyumba yake inapsa. Kobayashi Issa anaika m'manda mkazi wake ndi ana anayi, kenako nayenso nyumba inamupsera. Masaoka Shiki analemba zambiri mwa ndakatulo zake ali chigonere, akukhosomola magazi. Mfundo yanga ndi yakuti anthu amenewa ankalemba za maluwa ndi mame chifukwa zinthu zinkawathera m'manja ndithu, ndipo haiku zawo zabwino zimavomereza kuti zonse zimatha popanda kunama kuti kuthako sikupweteka. Kusiyana kumeneku kukuoneka kochepa, koma tiona kumapeto kuti kunadzakhala nkhani ya moyo ndi imfa kwa ophunzira a m'yunivesite ngati ifeyo.

Maganizo akuti palibe chokhalitsa anakhazikika ku Japan haiku isanabadwe. Chipembedzo cha Chibuda chinafika m'dzikomo kuchokera ku Korea m'zaka za m'ma 500, ndipo chinabweretsa chiphunzitso chimene Ajapani amachitcha mujō, kutanthauza kuti chilichonse chimene chilipo chili m'kati mosintha ndi kutha. Mu 1212 mmonke wina, Kamo no Chōmei, analemba kabuku kotchedwa Hōjōki ali m'kanyumba kakang'ono kumapiri, kunja kwa mzinda wa Kyoto. M'kabukumo anandandalika zimene anaona ndi maso ake: moto waukulu wa mu 1177, kamvuluvulu wa mu 1180, njala ya mu 1181 ndi 1182, ndiponso chivomezi cha mu 1185. Amafotokoza za wansembe wina amene anayenda m'misewu pa nthawi ya njalayo akuwerenga mitembo, n'kupeza yoposa 42,300 m'miyezi iwiri, m'chigawo chimodzi chokha cha mzindawo. Choncho pamene alembi a ku Japan ankafanizira moyo ndi thovu la pamadzi kapena mame a m'mawa, kumbuyo kwa mafanizowo kunali mitembo yowerengeka.

Chodabwitsa n'chakuti haiku yeniyeniyo inayambira ku nthabwala. Kuyambira kale olemekezeka ankasewera ndakatulo yolumikiza yotchedwa renga: mmodzi amapeka ndime, wina n'kuwonjezera yake, mpaka ndime 36 kapena 100. Banja la Tokugawa litatenga ulamuliro mu 1603 n'kuthetsa nkhondo zapachiweniweni, amalonda a m'mizinda anapeza ndalama ndi mpata wosangalala, ndipo anakonda mtundu wa renga wa nthabwala, wotchedwa haikai. Munali mawu a mumsewu, zinanenedwe za pawiri, ngakhale zolaula. Aphunzitsi ankalipidwa pochonga ndime za ophunzira awo. Ena anasandutsa luso limeneli mpikisano wa liwiro: mu 1684 Ihara Saikaku anapeka ndime 23,500 usana umodzi ndi usiku umodzi pa kachisi wa Sumiyoshi ku Osaka.

Ndime yoyamba ya ndakatulo yolumikizayo inkatchedwa hokku, ndipo inali ndi lamulo lake. Inkayenera kutchula nyengo imene anthuwo akumana, ngati malonje a mlendo kwa mwini nyumba. Hokku imeneyi ndi imene pambuyo pake inadzaima payokha n'kutchedwa haiku. Mizinda imene masewerawa ankachitikira inali ya nyumba za matabwa ndi mapepala, zothinana. Mu 1657 moto wa Meireki unapsereza mbali yaikulu ya Edo, mzinda umene lero ndi Tokyo, ndipo anthu amene anafa amayerekezedwa kuti anafika 100,000. M'nyengo yomweyi liwu lakuti ukiyo, limene kale linkatanthauza dziko la chisoni, linayamba kulembedwa mwa njira ina n'kumatanthauza dziko loyandama la zisudzo, mowa ndi zosangalatsa. Anthu a m'tauni anamva chiphunzitso cha amonke chakuti zonse zimatha, n'kuyankha kuti ngati zili choncho, tiyeni tidyeretu.

Bashō anakulira m'dziko limeneli. Anabadwa mu 1644 ku Ueno m'chigawo cha Iga, m'banja la asilikali a samurai apansi. Ali mnyamata anatumikira mwana wa bwana wa m'deralo, Tōdō Yoshitada, amene ankakondanso haikai, koma Yoshitada anamwalira mu 1666 akadali wamng'ono, ndipo njira ya Bashō yokwerera pa ntchito inatsekeka. Anapita ku Edo mu 1672, nayamba kutchuka ngati mphunzitsi wa ndakatulo. Mu 1680 anasiya zonsezo n'kusamukira ku kanyumba ka ku Fukagawa, kutsidya kwa mtsinje wa Sumida. Wophunzira wake wina anam'patsa mtengo wa mtundu wa nthochi, umene m'Chijapani umatchedwa bashō, ndipo dzina limene timamudziwa nalo linachokera pamenepo. Mtengowo sunkam'patsa chakudya chilichonse. Iye anaukonda chifukwa cha masamba ake aakulu amene mphepo ndi mvula zimang'amba mosavuta. Aliyense amene anaonapo munda wa nthochi mphepo itawomba usiku wonse akudziwa maonekedwe amene ankanena.

Kumapeto kwa 1682, malinga ndi kalendala yakale ya ku Japan, moto wina unabuka mu Edo ndipo kanyumba kaja kanapsa. Chaka chotsatira mayi ake anamwalira kumudzi, iye ali kutali. Mu 1684 ananyamuka wapansi kupita kwawo, ndipo buku la ulendowo analitcha Nozarashi Kikō, dzina lonena za mafupa a munthu wofera panjira, osiyidwa padzuwa ndi pamvula. Ankadziwa kuti wapaulendo wa thanzi lofooka ngati iye akhoza osabwerera. Atafika kumudzi, mkulu wake anatsegula kathumba n'kumuonetsa tsitsi la imvi la mayi awo. Ndakatulo imene analemba tsiku limenelo imafanizira tsitsilo ndi chisanu chowundana cha m'nyengo yoyoyoka masamba, chinthu chimene sichingagwiridwe m'dzanja osasungunuka. Liwu la nyengo lilimo, monga lamulo limafunira, koma ntchito yake ndi kunyamula maliro a mayi.

Ulendo wake wotchuka kwambiri unali wa mu 1689, pamene iye ndi wophunzira wake Kawai Sora anayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 2,400 kumpoto kwa dzikolo kwa miyezi isanu. Buku la ulendowu, Oku no Hosomichi, linasindikizidwa mu 1702 iye atamwalira kale. Malo amodzi amene anafika ndi Hiraizumi, mzinda umene unali likulu la banja lolemera la Fujiwara la kumpoto. Kumeneko ndi kumene msilikali wotchuka Minamoto no Yoshitsune anafera mu 1189, ndipo chaka chomwecho ufumu wa banjalo unagwa. Bashō anafika patapita zaka 500 ndendende. Anapeza minda ndi udzu pamene panali nyumba zachifumu, ndipo amanena yekha kuti anakhala pansi n'kulira.

Apa ndi pamene ndinamvetsa ntchito ya chilengedwe mu haiku. Timakonda kunena kuti duwa logwa limaimira moyo wa munthu, ngati kuti ziwirizi n'zofanana. Koma udzu wa ku Hiraizumi unauma ndi kumeranso ka 500, pamene asilikali aja anafa kamodzi. Maluwa a sakura amagwa patangotha masiku ochepa ataphuka, koma chaka chamawa mtengo womwewo udzaphukanso. Amene sakudziwika ngati adzakhalepo ndi munthu wouyang'anayo. Haiku imaika zinthu ziwirizi pamodzi, chobwerera ndi chosabwerera, n'kusiya mpata pakati pake. Mpatawo uli ndi chida chake m'Chijapani, liwu lodula lotchedwa kireji, limene limagawa ndakatulo pawiri kuti wowerenga alumikize yekha.

Mawu a nyengo, otchedwa kigo, anasonkhanitsidwa m'mabuku otchedwa saijiki, ndipo liwu lililonse limabwera ndi zonse zimene mibadwo yapita inamva pa nyengoyo. Kuti timvetse, tiganizire zimene zimachitika wina akangonena kuti ngumbi zatuluka. Sanatchule mwezi, koma tonse tadziwa kuti mvula yoyamba yagwa, tamva fungo la dothi lonyowa, taona ana ali ndi mabeseni pansi pa nyale. Ndipo ngati agogo amene ankakukazingirani ngumbizo anatisiya, liwu lomwelo lawabweretsa popanda kuwatchula. Kigo imagwira ntchito chimodzimodzi. N'chifukwa chake maphatikizo 17 amakwana: mbali yaikulu ya ndakatulo ili kale m'mutu mwa womvera. Bashō anamwalira mu 1694 ku Osaka, ali pa ulendo wina, atadwala m'mimba, ali ndi zaka 50.

Munthu amene anayesa chiphunzitso cha mujō pa moyo wake mpaka pamapeto ndi Issa. Anabadwa mu 1763 m'mudzi wa Kashiwabara, kumapiri a Shinano, dera limene lero ndi Nagano. Mayi ake anamwalira iye ali kamwana. Sanagwirizane ndi mayi omupeza, ndipo mu 1777 bambo ake anamutumiza ku Edo kukafuna ganyu. Bambowo atamwalira mu 1801, panabuka mkangano wa chuma chamasiye pakati pa iye, mayi omupeza aja ndi m'bale wake wa mimba ina, ndipo nkhaniyo inatha mu 1813. Anakwatira koyamba mu 1814 ali ndi zaka zoposa 50, mkazi wake dzina lake Kiku.

Mwana woyamba anabadwa mu 1816 ndipo sanathe mwezi. Wachiwiri, mtsikana dzina lake Sato, anabadwa mu 1818 n'kumwalira ndi nthomba mu 1819, atangopitirira chaka chimodzi. Wachitatu anamwalira mu 1821 akadali khanda. Kiku anamwalira mu 1823, ndipo mwana wachinayi anatsatira mayi ake patangopita miyezi. Mu 1827 moto unapsereza mudzi wa Kashiwabara pamodzi ndi nyumba ya Issa. Anasamukira m'kanyumba ka dothi kosungiramo mbewu kamene kanapulumuka, ndipo anamwalira momwemo mu January 1828.

Munthu ameneyu analemba haiku zoposa 20,000, ndipo zambiri ndi za tizilombo timene alakatuli akale ankationa ngati topanda ulemu: nkhono, ntchentche, utitiri, achule, timbalame ta pakhomo. Amatilankhula ngati anansi, nthawi zina moseka, nthawi zina mochonderera kuti wina asatiphe. Ena amawerenga zimenezi ngati zachibwana. Ine ndimaona munthu amene anaphunzira kumanda kuti zamoyo zing'onozing'ono sizichedwa kuchoka, ndiye sankafuna kudutsa chilichonse osachiyang'ana.

M'buku lake la chaka cha 1819, Oraga Haru, amafotokoza mmene Sato ankasekera, mmene ankang'ambira mapepala a pazitseko, kenako mmene matuza a nthomba anamutulukira mpaka kumwalira. Issa anali wa mpingo wa Chibuda wa Jōdo Shinshū ndipo chiphunzitso ankachidziwa bwino: dziko lino lili ngati mame, kukakamira n'kudzizunza. Haiku imene analemba pa imfa ya mwanayo imayamba ndi kuvomereza fanizo la mamelo, ndipo imathera pa liwu losonyeza kuti mtima wake sunavomere. Sakutsutsa chiphunzitso, ndipo sakunamizira kuti chamutonthoza. Aliyense amene anakhalapo pa maliro a mwana, akumva akuluakulu akunena kuti imfa sithawika, akudziwa kuti mawuwo ndi oona komanso kuti mayi wa mwanayo sasiya kulira chifukwa cha mawuwo. Issa anakwanitsa kusunga zonse ziwiri m'mizere itatu.

Dzina lakuti haiku linakhazikika mochedwa, dziko la Japan litasintha kwambiri. Ulamuliro wa Tokugawa unagwa mu 1868, ndipo boma latsopano la Meiji linayamba kutengera za ku Ulaya mothamanga. Ngakhale kalendala inasinthidwa: tsiku lachiwiri la mwezi wa 12 wa kalendala yakale linatsatiridwa ndi 1 January 1873. Kwa alakatuli ichi chinali chisokonezo, chifukwa chaka chatsopano, chimene kale chinkafika pamodzi ndi nyengo yophukira, tsopano chinagwera pakati pa nyengo yozizira. Mpaka lero mabuku a saijiki amaika chaka chatsopano m'chigawo chakechake, pambali pa nyengo zinayi.

Shiki anabadwa mu 1867 ku Matsuyama. Mu 1889 anakhosomola magazi, chizindikiro cha chifuwa chachikulu, ndipo anadzipatsa dzina la mbalame ya hototogisu, imene nthano zimati imaimba mpaka kulavula magazi. Zilembo za dzina la mbalameyo zimawerengedwanso kuti Shiki. Anasiya yunivesite ku Tokyo osamaliza n'kuyamba ntchito pa nyuzipepala ya Nippon. Kumeneko anadzudzula aphunzitsi amene ankangobwereza mafanizo akale, ndipo mu 1893 anafika ponena kuti ndakatulo zambiri za Bashō yemweyo si zabwino monga anthu ankazitamira. Anayamikira Yosa Buson, wojambula ndi mlakatuli amene anakhala ndi moyo kuyambira 1716 mpaka 1784, chifukwa ankalemba zimene diso laona. Njira yakeyo anaitcha shasei, kujambula chinthu monga chilili. Kwa Shiki, kulemba kuti maluwa akugwa chifukwa choti alakatuli onse amatero kunali ulesi. Unkayenera kuyang'ana duwa lenilenilo, la lero.

Matendawo analowa m'fupa la msana ndipo zaka zake zomaliza anazithera pa mphasa m'nyumba ya ku Negishi ku Tokyo, akusamalidwa ndi mayi ake ndi mlongo wake Ritsu. Chilengedwe chonse chimene chinamutsalira chinali kadimba ka kuseri kwa zenera. Mu 1902 ankalemba nkhani m'nyuzipepala pafupifupi tsiku lililonse, pa mutu wakuti Byōshō Rokushaku, wonena za kukula kwa malo amene wodwalayo ankagonapo. Pakhomopo panali chinkhupule choyanga, chimene madzi a mu tsinde lake ankawagwiritsa ntchito ngati mankhwala a makhololo. Pa 18 September 1902, Ritsu atamugwirira thabwa lolembera, analemba haiku zitatu, zonse za chinkhupulecho ndi makhololo amene ankamutsamwitsa. Anamwalira tsiku lotsatira ali ndi zaka 34. Mpaka pano tsiku lokumbukira imfa yake limatchedwa ndi dzina la chinkhupule.

Wina akhoza kunena kuti ndakatulo zotere zimaphunzitsa anthu kugonja. Ngati kugwa kwa duwa n'kokongola, bwanji kulimbana ndi njala, matenda kapena nkhondo? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo mbiri ya Japan ikuonetsa kuti ngoziyo inalipodi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma la asilikali linatenga fanizo la sakura n'kuliika pa anyamata: kufera mfumu uli wamng'ono kunkatchedwa kugwa ngati duwa lisanafote. Mu October 1943 boma linachotsa chilolezo chimene chinkateteza ophunzira a m'mayunivesite, makamaka a zamalamulo ndi zolembalemba, kuti asatengedwe usilikali. Pa 21 October anawatsanzika pa bwalo la Meiji Jingū Gaien ku Tokyo mvula ikugwa. Ena mwa iwo anadzakhala oyendetsa ndege zodziphera. Ndege ina yopangidwira ntchito imeneyo, imene inagwiritsidwa ntchito mu 1945, inapatsidwa dzina lakuti Ōka, kutanthauza duwa la sakura.

Koma boma lomwelo linkaopa haiku yolembedwa moona. Mu 1940 apolisi anamanga alakatuli a magazini ya Kyōdai Haiku, imene inayambitsidwa ndi anthu a pa yunivesite ya Kyoto, pogwiritsa ntchito lamulo losungitsa bata, ndipo kumanga kotereku kunafikiranso magulu ena m'zaka zotsatira. Ena mwa alakatuliwa ankalemba za nkhondo monga inalili, popanda kuikongoletsa. Apa ndi pamene kusiyana kuja kumaonekera. Olamulira ankafuna theka loyamba lokha la ndakatulo ya Issa, lakuti moyo ndi mame. Theka lachiwiri, la bambo amene akukana kutonthozedwa, silingatumize mwana wa munthu kukafa. Bashō analira pa Hiraizumi, Issa anakana kuiwala Sato, ndipo Shiki anatchula makhololo m'ndakatulo zake zomaliza. Palibe mwa atatuwa amene ananena kuti imfa ndi yokoma.

N'chifukwa chake ndimati tikakumana ndi haiku yakale, tisayambe ndi kuwerenga maphatikizo, makamaka poti kumasulira kumawasokoneza kale. Tifunse kuti inalembedwa chaka chiti, liwu la nyengo ndi liti, ndipo ndani amene palibe pamene mlakatuliyo waima. Kawirikawiri yankho limapezeka m'mbiri ya moyo wake. Issa atamwalira, mkazi wake wachitatu, Yao, anali woyembekezera. Mwana wamkazi, Yata, anabadwa bambo ake ali kale m'manda, ndipo ndi yekhayo mwa ana a Issa amene anakula n'kupitiriza mtundu. Kanyumba ka dothi kamene mlakatuliyo anafera kakadalipo ku Kashiwabara, ndipo anthu amapita kukakaona.